Lilipo, Mayi

Mu labotale ya moto munali mipando iwiri yofulatirana. Wina unayang'ana galasi lochindikala, ndipo kuseri kwa galasilo kunali bokosi lachitsulo loyatsiramo lawi. Winawo unayang'ana khoma lodzaza mipopi ndi timachubu tagalasi. Wa ku galasi unali wa mwamuna, wa ku mipopi unali wa mkazi wake. Anzawo a m'maofesi oyandikana anawatcha mayina kalekale, ana awo asanayambe n'komwe sukulu: mwamunayo bambo Maso, mkaziyo mayi Manja. Mayinawo anawakanirira mpaka imvi, moti mlonda wa pageti akanafunsidwa mayina awo enieni akanangokanda m'mutu.

Sukulu anaphunzira yofanana, ndipo anakumana m'kalasi imodzi. Anthu ankawaseka kuti banja lawo n'lolimba chifukwa limakhala lofulatirana tsiku lonse, n'kumaonana nkhope madzulo mkwiyo utaiwalika. Mayi Manja sankatsutsa.

Lawi la gasi silikhala pakamwa pa chitsulo mwa chifundo. Gasi wosakanizika ndi mpweya amakwera m'paipi, moto nawo umatsika kukamuchingamira, ndipo lawi limaima pamene awiriwa alingana mphamvu. Liwiro la m'paipi likachepa, lawi limabwerera mkati n'kulira kuti phu! Likachuluka, lawi limanyamuka pachitsulopo, limayandama pang'ono, kenako limazima, gasi n'kumangotuluka wosapsa. Opanga masitovu ndi ng'anjo ankabweretsa mitu ya zipangizo zawo, zitsulo zotulukira lawi zija, kuti awiriwa apeze malire amenewo, makamaka a kuzimawo, poti ndi amene amapha anthu m'nyumba zawo zomwe.

Ankatseka makatani akuda n'kuzimitsa magetsi onse, kungosiya kanyale kofiira pamwamba pa timachubu. Fani wa m'chumuni ankalira. Bambo Maso ankayamba akhala mumdimamo mpaka maso atazolowera, chifukwa lawi likayandikira kuzima limasanduka buluu wopyapyala, woti munthu wochokera kowala sangamuone. Kamera inalipo, koma ikafika pa buluu ameneyo inkangojambula mdima. Mayi Manja ankatsegula mpopi wa mpweya pang'onopang'ono, maso ali pa kampira kakuda kamene kankakwera m'chubu mpweya ukamachuluka. Kucheuka kunali koletsedwa. Malire ali pamene kampirako kali pa nthawi imene lawi lazima, ndipo wocheuka amakapeza katasuntha.

"Lilipo?" ankafunsa ali chifulatire.

"Lilipo, mayi."

Ankaonjezera mpweya, n'kufunsanso. Yankho linkasintha pang'ono ndi pang'ono: lilipo, layamba kuvina, lanyamuka, kenako mawu okuwa akuti lazima! Pamenepo dzanja lake lamanzere linkatseka gasi nthawi yomweyo, maso n'kugwira nambala. Mwa njira imeneyi mayi Manja anakalamba akuzimitsa moto umene sanauonepo ukuzima.

Sankadandaula, chifukwa amuna akewo anali ndi pakamwa. Lawi likamavuta ankati, "Ili likukana kuchoka, ngati mlendo amene wamva fungo la kukhitchini." Likanyamuka bwino ankatsitsa mawu. "Mayi, likanakhala loti mucheuke. Lili ngati chipewa cha mwana chimene mphepo yachikweza koma sinachichotse." Lawi lonse limene mayi Manja ankalidziwa linali la m'mawu amenewo, ndipo ankalikonda.

Chaka chimenecho kunabwera injiniya wa ku fakitale ya masitovu, munthu wachangu wolankhula ali chiimire, makiyi a galimoto akulira m'manja. Anabweretsa mutu wa sitovu watsopano, wa timabowo tating'onoting'ono, woti uzidya gasi wochepa n'kumakoka mpweya wambiri. Ankafuna kudziwa kuti bowo lolowera mpweya alikulitse kufika pati lawi lisanayambe kuthawa.

Manambala anatuluka okoma. Sabata yotsatira anakoma kuposa pamenepo. Kampira kankakwera kufika pamene mayi Manja sanakaonepo pa mutu wa sitovu uliwonse, bambo Maso akadali pa lilipo. Injiniya atamva anaseka mpaka mano a m'mbali kuonekera.

"Apa ndiye ndigona tulo, bambo," anatero akuwagwira dzanja ndi manja awiri. "Lipoti likangotuluka, ife tiyamba kuboola."

"Mwapanga chinthu, achimwene," anayankha bambo Maso. "Lawi lake n'lamakani."

Mayi Manja anamwetulira mwaulemu, koma mumtima anati chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Chitsulo sichiphunzira. Mutu womwewo sungalimbe lero kuposa dzulo. Monga munthu woleredwa bwino, anayamba wadzikayikira yekha. Anapaka thovu la sopo molumikizira mapaipi monse kuti aone ngati mpweya ukuthawa penapake. Anachotsa chubu n'kuikapo china chobwereka. Anasintha silinda ya gasi. Zonse za kumbali kwake zinali bwinobwino, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa.

Panalinso kafungo. Zaka zonsezo ankatseka gasi mphuno zisanamve kanthu. Tsopano mawu akuti lazima ankafika limodzi ndi kafungo ka gasi, kochepa ndithu, kamene fani analephera kukameza konse.

Loweruka lina kunyumba kunabwera mlamu wake, mlongo wawo wamkulu wa bambo Maso, telala wopuma ntchito amene pakamwa pake sipanapume. Bambo Maso anadzipereka kuwiritsa tiyi, n'kutuluka ndi ketulo monyadira. Mayi Manja atalowa m'khitchini kukatenga masupuni, mlamu wake ali pambuyo, anapeza sitovu ikuyakabe. Kalawi kake kanali kakang'ono, kabuluu, dzuwa la pawindo likukawomba.

"Bambo, sitovu mwazimitsa?" anafunsa mokweza.

"Ndazimitsa, mayi," anayankha ali pabalaza. "Ine ndi moto tinadziwana kale."

Mlamu uja anatseka sitovuyo yekha, n'kumuyang'ana mayi Manja dwii.

"Mlamu, musandiuze kuti simunaone. Amuna anuwo avala sokosi ina yabuluu, ina yakuda, koma akuyenda ngati mkwati."

"Ndinaona."

"Ndi ng'ala imeneyo, ya kumtundu kwathu. Ine ndisanakachotsetse yanga ndinasoka diresi la munthu labuluu ndi ulusi wakuda, n'kumakangana naye kuti n'zofanana. Buluu ndiye amayamba kuthawa. Zinazi umaona ngati ukuziona."

"Mukanawauza inuyo," anatero mayi Manja monong'ona. "Ndinu akulu awo."

"Ine? Munthu ameneyu ndinamubereka kumsana, ndikumudziwa. Ine angondiseka. Kunyumba kwathu mwamuna kuvomera kuti wadwala, pokhapokha atamunyamula. Auzeni inu, ndipo musazengereze. Wobisa matenda maliro amamuulula."

Mlamu anatenga masupuni n'kutuluka, ndipo posakhalitsa anamveka akuseka chikhakhali pabalaza. Mayi Manja anatsala ataima pa sitovu. Ankadziwa kuti maliro oululawo sadzakhala a amuna ake. Adzakhala a munthu wosamudziwa, amene adzagule sitovu yatsopano yoboolewa motsatira manambala awo. Adzatereka madzi, wina adzatsegula chitseko, kamphepo kadzalowa, lawi lidzazima mwakachetechete iye ali kuchipinda kugoneka mwana. Manambalawo adzakhala olembedwa ndi dzanja la mayi Manja.

Lolemba m'mawa, akuyenda kuchokera potsikira basi, anayesa.

"Bambo, bwanji tikayezetse maso tonse awiri? Ukalamba sugogoda pachitseko."

"Pitani inu, ndikuperekezani. Anga ali bwino." Anayenda pang'ono. "Maso amenewa alera ana, mayi. Tsiku limene adzafe, ndidzakoleka jasi yanga kuseri kwa chitseko, inu mudzapeze wina wokuuzani za lawi."

Ananena akuseka, koma zala zawo zinafinya chogwirira cha chikwama. Mayi Manja anaona, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kunena zoona, mkwiyo wa amuna ake sankauopa. Ankaopa mpando wopanda munthu kumbuyo kwake. Ankawadziwa: munthu amene anthu amutcha Maso kwa moyo wake wonse sangabwere ku labotale kudzakhala pambali ngati mlendo. Adzakoleka jasiyo ndithu, adzakhala pakhonde n'kumafota. Ana anali atachoka kale kukamanga mabanja awo. Chimene chinawatsalira awiriwa chinali mdima uja, kulira kwa fani, ndi funso limodzi ndi yankho lake. Choncho anakhala chete sabata yathunthu, akulemba manambala amene sankawakhulupirira, ndipo ankadzida.

Injiniya anaimba foni kufunsa za lipoti. Anaimbanso. Bambo Maso anati atsirize ndi kuyesa komaliza, kenako asayine.

Mayi Manja anagwira njakata. Mawu okha sakanathandiza, poti amuna ake mawu ankawatsutsa mpaka wotsutsana nawo atatopa. Chimene sanatsutsepo chiyambire ndi chinthu choyesedwa mu labotale. Ndiye anaganiza zoyesa. Anachita manyazi ndi ganizolo, chifukwa kunali kutchera msampha munthu amene amadya naye mbale imodzi, koma njira ina sanaione.

M'mawa mwake kunja kunali dzuwa lowala bwino. Anavala majasi awo oyera, anatseka makatani, anayatsa fani. Bambo Maso anatsegula kachitseko kagalasi, anayatsa lawi, anatseka, n'kukhala pa mpando wawo. Poyamba lawi limakhala lonenepa, lachikasu kunsonga, moti kuwala kwake kunkafika mpaka pa khoma la mipopi.

"Tiyeni nazo, mayi. Mwapang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mayi Manja anatsegula mpweya. Kuwala kwa pakhoma kunachepa, kenako kunatha, kusonyeza kuti lawi lasanduka buluu.

"Lilipo?"

"Lilipo, mayi."

Kampira kanali kakadali m'munsi, kutali ndi malire alionse. Mayi Manja anaika dzanja lamanzere pa mpopi wa gasi. Anapotokola mwakachetechete, mpaka mpopi unalimba. Fani ndi mluzu wa mpweya zinabisa zonse. Kuseri kwa galasi kunalibenso moto, ndipo iye ankadziwa zimenezo monga ankadziwira dzina lake.

Mumtima ankapempha kuti amuna ake akuwe, amukalipire, amufunse kuti wachita chiyani. Akanalandira kukalipako ndi manja awiri.

"Lilipo?"

"Lilipo, mayi."

Anaonjezera mpweya, poti dzanja linazolowera. Kampira kanakwera.

"Lilipo?"

"Lilipo. Lakhala bwinobwino."

Misozi inayamba kutsika, ndipo sanaipukute, chifukwa manja onse anali pa mipopi. Anafunsabe, monga mwa masiku onse, ndipo mawu ake sanamugulitse. Atafika pamene mitu yambiri imayamba kuvuta, bambo Maso anasuntha pa mpando wawo.

"Layamba kuvina," anatero.

Ananena pa nthawi yake yeniyeni. Zaka zinawaphunzitsa kuti mkazi wawo akafunsa kangapo, mluzu wa mpweya ukafika pakuti, lawi limavina. Mayi Manja analuma mlomo.

"Lilipo?"

"Lanyamuka pang'ono. Koma lilipo."

Kenako mayi Manja anamva chinthu chimene fani ankamubisira masiku onse, chifukwa masiku onse sankachimvetsera. Kumbuyo kwake munthu ankakoka mpweya ndi mphuno, pang'onopang'ono, mobisa. Anakoka, anadikira, anakokanso. Apo m'pamene anamvetsa za kafungo kaja. Amuna ake sankaona lawi likuzima. Ankadikira fungo la gasi wosapsa, ndipo likawafika m'pamene ankakuwa kuti lazima. Fungo limachedwa, ndipo dzanja lake linkapitiriza kutsegula mpweya nthawi yonse yochedwayo. Lero gasi anali wotseka. Fungolo silikanabwera.

Akanatha kuleka pamenepo. Koma kuleka kukanawasiyira amuna ake pothawira, ndipo mawa akanati mpopi unavuta. Anapotokolabe. Kampira kanadutsa manambala okoma aja, kanadutsa pamene sitovu iliyonse ya padziko ikanazima, kanakagunda kumwamba kwa chubu n'kumalira kuti ke ke ke. Mpopi wa mpweya unafika kumapeto. Mluzu unadzaza chipinda chonse.

"Lilipo?"

Mphuno ija inakokanso kamodzi.

"Lilipo, mayi," anatero, koma mawu awo anali ochepa, ngati a munthu wofunsa njira.

Mayi Manja sanafunsenso. Anachotsa manja pa mipopi n'kuwaika pamiyendo. Anamva mpando ukukhwekhwereza, kenako kachitseko kagalasi kakutseguka. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchitoyo, anacheuka kuyesa kusanathe.

M'kuwala kofiira kwa kanyale anaona amuna ake atawerama, dzanja lili m'bokosi. Analitsitsa pang'onopang'ono, mmene munthu amachitira poopa kupsa, mpaka chikhatho chinafika pamwamba penipeni pa mutu wa sitovu. Mphepo yozizira inkawomba mkono wa jasi yawo. Anagwira chitsulocho ndi zala. Chinali chitazizira kale. Dzanjalo analisiya pomwepo nthawi yaitali.

"Mwatseka liti?" anafunsa osatembenuka.

"Kale, bambo."

"Lisanavine?"

"Lisanavine."

Anatulutsa dzanja, analiyang'ana, n'kulipukuta pa jasi ngati lagwira chonyansa.

"Mwanditchera msampha, mayi. Mkazi wanga weniweni. Mukanangondifunsa."

"Ndakufunsani," anatero mayi Manja, mawu akuthyoka. "Ndakhala ndikukufunsani m'mawa wonse uno."

Bambo Maso anakhala pansi molemera. Mayi Manja anatseka mpweya, ndipo mluzu utaleka munatsala kulira kwa fani kokha. Ankayembekezera mkuntho. Mkunthowo sunabwere, ndipo kusabwera kwake kunamupweteka kuposa.

"Sindinkanama," anatero bambo Maso. "Mundimvetse. Ndikayang'ana pamenepo ndimaona ngati lilipo. Ndaliyang'ana zaka zonsezi, ndiye limabwera lokha. Mphunoyi ndinkati ingondithandiza kutsimikiza."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Inu manja muli nawo."

Bambo Maso anaimirira n'kuyamba kumasula mabatani a jasi. Mayi Manja anaona chimene ankachiopa chija chikuchitika pamaso pake, batani ndi batani, ndipo mantha anasanduka ukali.

"Mukupita kuti?"

"Ndinanena kale."

"Munanena, inde. Ndiye mundisiyire ine manambala abodza? Injiniya akaboole? Tonse tinalemba zimenezi, bambo. Inu munkanena, ine ndinkalemba, ndipo ndakhala ndikulemba ndikudziwa. Tibwereza zonse kuyambira pachiyambi. Ng'alayo akulu anu anakachotsetsa, lero akulowetsa ulusi pa singano. Mukapita kuchipatala, ndipo ndikakuperekezani ine. Koma lero simukoleka kanthu."

"Nanga ndiyang'ane ndi chiyani?"

Mayi Manja anaimirira n'kuwagwira pa mkono, n'kuwakokera ku khoma la mipopi.

"Kampirako mukukaona?"

Anawerama pafupi ndi chubu. "Kakuda pa zoyera. Nanga ndine wakhungu?"

"Nambala ili pambali pakeyo?"

Anaiwerenga, ndipo inali yolondola.

"Khalani pamenepo. Dzanja lamanzere pa gasi, lamanja pa mpweya. Musacheuke."

Bambo Maso anaima nthawi yaitali, jasi ili chitsegukire. Mayi Manja sanawakakamizenso, chifukwa munthu wamkulu sakankhidwa kawiri. Kenako bambo Maso anamanga mabatani aja, kupatula limodzi limene analiphonya, n'kukhala pa mpando wa mkazi wawo. Anapapasa mipopi. Chitsulo chake chinali chosalala mmene munkagwira zala za mayi Manja.

"Mpando wanu ndi wolimba," anadandaula. "Mwakhala bwanji pamenepa zaka zonsezi?"

"Simunafunse."

Mayi Manja anayatsa lawi, anatseka kachitseko, n'kukhala pa mpando wa ku galasi. Unali wofunda, ndiponso wotsika pakati. Mpweya utayamba kulowa, chikasu chinatha, ndipo kwa kanthawi sanaone chilichonse. Anaganiza kuti mwina nayenso maso anamuthera osadziwa.

"Musalifunefune," anatero bambo Maso ali chifulatire, ngati amuona. "Yang'anani pambali pang'ono. Lidzabwera lokha."

Linabwera. Linali laling'ono kuposa mmene ankaganizira, timano tabuluu tozungulira chitsulo, tokhala duu.

"Lilipo?" Mawuwo anatuluka movutikira, ngati achilendo mkamwa mwawo.

"Lilipo, bambo."

Dzanja la amuna ake linali lolemera, losazolowera, ndipo mpweya unkabwera modumphadumpha. Anawauza kuti achepetse changu, iwo anang'ung'udza, koma anamvera. Anafunsa, iye anayankha. Timano tija tinatalika, tinapyapyala, tinayamba kugwedezeka, tina kuzima n'kuyakanso potengera moto kwa tinzake.

"Layamba kuvina."

"Kale?"

"Onjezerani, bambo."

Kenako lonse linachoka pachitsulo nthawi imodzi, n'kuima m'malere, pansi pake pali mdima. Mayi Manja anaiwala kupuma. Linapendekeka, linabwerera, linapendekekanso, ndipo pamene linali panalibenso kanthu.

"Lazima!"

Mpopi wa gasi unalira kuti kwe. Fungo silinamveke. Bambo Maso anawerenga nambala mokweza, mmene mkazi wawo ankachitira. Inali pansi kwambiri pa imene anatsala pang'ono kusayinira. Bowo limene injiniya ankafuna kuboola linali kupitirira pamenepo. Awiriwo anadziwa tanthauzo lake, ndipo panalibe chifukwa choti wina alinene.

"Foni kwa injiniya ndiimba ine," anatero bambo Maso. "Ndi ine ndinamuuza kuti n'lamakani."

"Chabwino."

"Ya kuchipatalayonso ndiimba ine. Koma mlongo wangayo musamuuze msanga. Adzandiseka mpaka kumanda."

Mayi Manja anaseka pang'ono, misozi ikadali m'masaya. Anakhala choncho mumdima, msana ndi msana, fani akulira. Ankadikira kuti amuna ake anene kuti ayatsenso. M'malo mwake anamva akukonza kukhosi, ndipo atalankhula, mawu awo anali amanyazi.

"Mayi. Mmene linanyamuka muja. Linkaoneka bwanji?"

Anatsegula pakamwa, koma mawu akeake analibe. Anafufuza, n'kupeza okhawo amene anapatsidwa.

"Ngati chipewa cha mwana, bambo. Chimene mphepo yachikweza koma sinachichotse."

Kumbuyo kwake anamva mpweya wautali ukutuluka.

"Eya," anatero bambo Maso. "Ndi lomwelo."